Mwala Wakuthwa Koma Wosalala

Mwala wanga sunatererepo chiyambire. Kafunseni ku Oman, komwe ndinayala msewu dzuwa likuphika nsapato kuphazi. Kafunseni ku Chile. Kafunseni madalaivala a mathiraki a ku Denmark, amene amaponda buleki mvula ili pakati n'kuima nji ngati wina wawagwira kumbuyo. Pansi pa matayala awo pali ine, Arnfinn Hovde, mwana wa msodzi amene anayamba ndi wilibala yobwereka ndi hamala imodzi, lero ali ndi phiri lathunthu ndi doko lakelake.

Ndiye taganizani mmene magazi anga anawirira Lolemba lija m'mawa, Mdatchi wowonda ngati ndodo atandiuza m'labu yanga yomwe kuti miyala yanga ndi yosalala.

"Tabwerezani," ndinatero.

"Ndi yosalala, a Hovde." Anali Verhoef, amene kampani yomanga msewu waukulu kwawoko inamutuma kudzaona miyala isanakwere sitima. "Si ine ndikunena. Ndi makina anu omwe."

Makina amenewo ndinawagula ndekha, woyamba m'gombe lonse lino. Ndi bokosi lalikulu ngati firiji yogoneka. Umayala timiyala pa thireyi, kalikonse pa kadontho kake, kamera n'kumayenda pamwamba. Nyali ikawala kuchokera pansi, kamera imayeza mpangidwe wa mwala: ngodya zake, kutalika, kuphwatalala. Ikawala kuchokera pamwamba, imasuzumira khungu la mwalawo, kuona ngati ndi lokhakhala kapena losalala. Mwala wokhakhala umagwira tala, umagwiranso tayala. Wosalala umapha anthu pa mvula. Makinawo sadziwa ziphuphu, sadziwa chibale, ndipo ndinkawanyadira ngati mwana wanga woyamba. Tsopano mwanayo anali atandiloza chala.

Pa zenera ndinkaona sitima ili pa doko, miyala itafika theka.

"Tiyezenso ina," ndinatero. "Tengani ya m'sitimamo, sankhani nokha."

"Yalephera ndiye kuti yalephera," anatero Verhoef akumanga mabatani a jekete. "Aliyense amene miyala yake yagwa amalira kuti wina wamuchita chipongwe. Ndionetseni munthuyo, apolisi atsimikize, tidzayezanso. Apo ayi, mawa masana mutsitse miyala yanu, sitima izipita."

Sitima imeneyo ikanapita yopanda kanthu, mbiri ikanafika madoko onse isanafike kwawo. Ndipo kampani ina yaikulu ya kunja, imene inakhala ikununkhiza phiri langa ngati fisi, ikanalitola pa mtengo wa nsomba zowola.

Ndinaimba foni kupolisi ndisanakhale n'komwe pansi.

* * *

Sajeni Sigrun Nesheim anafika mvula ikumudontha m'chipewa. Ndinamudziwa ali kamtsikana kogulitsa mabanzi pa feri, boti lowolotsa anthu ndi magalimoto, koma yunifomu ndi yunifomu.

"Kwaphedwa ndani, a Hovde? Pa foni mumakuwa ngati kwagwa phiri."

"Kwaphedwa dzina langa!"

"Limenelo silingafe, mumalidyetsa kwambiri. Khalani pansi, mukundizunguza mutu."

Sindinakhale. Ndinkazungulira tebulo pamene iye ankafunsa Torunn Eide, mayi amene amayendetsa makinawo. Torunn amalankhula ngati mawu amagula m'sitolo.

"Miyala munaitenga liti?"

"Lachisanu m'mawa. A Verhoef akuona."

"Kenako?"

"Kutsuka. Mu uvuni kuti iume. Uvuni umazima wokha."

"Munaitulutsa liti?"

"Lero."

"Ndiye yagona mu uvuni Loweruka ndi Lamlungu. Makiyi a chipinda chino ali ndi ndani?"

"Ine. A Hovde. Oddvar. A Rustad."

Oddvar ndi kapitawo wanga. Halvard Rustad ndi mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga Gunvor, ndipo ndiye amasunga ofesi. Gunvor ali ndi gawo m'kampani muno kuchokera masiku a wilibala, chifukwa wilibalayo inali yake. Gawolo amamuyang'anira ndi Halvard.

"Pali chimene chakudabwitsani?" anafunsa Sigrun.

Torunn anatembenuza kompyuta. "Ngodya zili bwino. Zakuthwa ngati masiku onse. Khungu lokha ndi limene lagwa."

Ndinaima chilili. Ine ndagwira miyala ya m'mitsinje ya ku Peru ndi ya m'zipululu za Aluya, ndipo ndikukuuzani: mwala umene madzi ausalaza amaudyanso ngodya, umakhala wobulungira ngati dzira. Umene watuluka m'chigayo umakhala wakuthwa ndi wokhakhala. Wakuthwa koma wosalala, Mulungu sanalengepo.

Ndinatola kamwala pa thireyi n'kukalavulira.

"A Hovde!" anakuwa Torunn. Aka kanali koyamba kumumva akukweza mawu.

"Taonani!"

Mwala wanga wouma umamwa malovu n'kuda nthawi yomweyo. Apa malovu anaundana ngati mkanda, n'kugubuduka, n'kugwera pa nsapato ya Sajeni. Ndinakaponya kamwalako m'kamwa. Kankakoma kandulo.

Sigrun anatola kena, nakanunkhiza, nakakanda ndi chikhadabo. Nkhope yake inasintha.

"Sera," anatero. "Sera wopaka matabwa amene anthu amamanga kuphazi potsetsereka pa chipale chofewa. Wina wamwaza nyenyeswa zake pa thireyi mu uvuni, zasungunuka, zatseka timaenje tonse."

"Basi! Gwirani munthu amene ali ndi sera!"

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti agwire munthu amene ali ndi mphuno. "Kuno aliyense ali naye. Ndiyambire kwa abusa kapena kwa amayi anga?"

* * *

Oddvar tinamupeza ku chigayo cha miyala, akukalipira lamba wonyamula miyala. Ndi munthu wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo salankhula, amabangula, chifukwa chigayo chinamudya makutu kalekale.

"Loweruka unali kuti?" anakuwa Sigrun.

"Pano! Nanga sitimayi imadzipakira yokha?"

"Lamlungu?"

"M'mawa pano, masana kumtunda kwa dziwe ndi matabwa anga. Chipale chake phala lenileni, koma munthu ukhala m'nyumba kumayang'ana mkazi?"

"M'labu unalowamo?"

"Ndinalowa! Ketulo yabwino ili mmenemo. Torunn amaibisa kuseri kwa masefa, amayesa sindidziwa."

"Akuti makina aja umadana nawo."

"Bokosi lija? Mxii! Zaka zonsezi ndimayeza mwala ndi chala ichi, palibe galimoto inagubuduka. Lero akuti tifunse kamera. Ndinanena, ndipo ndibwereza: tsiku lina ndidzalithira khofi!" Kenako anationa nkhope. "Dikirani. Mdala, ukundiganizira ine?"

"Ine sindinanene kanthu."

"Ndiye vuto lakelo! Iwe ukakhala chete ndiye kuti zinthu zavuta. Tinaphwanya limodzi mwala woyamba paja, wayiwala? Chala chako chija anamanga ndani?"

Ndinayamba kuwerengera mumtima. Anali ndi kiyi, anali pano masiku onse awiri, anali ndi sera m'galimoto, ndipo makinawo anawalumbirira pamaso pa anthu. Ndinatembenuka n'kuchoka.

* * *

Halvard anatilandira mu ofesi ndi khofi wothira kale m'makapu. Nkhope yake inali yopsa ndi mphepo ya kumapiri, milomo yong'ambika. Amalankhula mofatsa ngati akukuwerengera nkhani yogonetsa mwana.

"Zachisoni, alamu, zachisoni kwambiri. Ndikanakhala pafupi mwina ndikanaona kanthu."

"Munali kuti?" anafunsa Sigrun.

"Ku Røros, Sajeni, ku mpikisano wa madoda wotsetsereka pa chipale. Ndinanyamuka Lachisanu anzanga akudula keke, ndabwera dzulo madzulo. Taonani." Anatulutsa foni. Anali iye, nsidze zitachita mbuu, ataima pambali pa choyezera kuzizira. "Kunazizira moti malovu amauma asanafike pansi. Koma matabwa anga ankauluka. Anyamata ena ankangokwekwereza ngati akukoka sofa. Nkhani ndi kudziwa kupaka, Sajeni. Uwerenge nyengo masiku angapo usananyamuke."

"Munapambana?"

"Wachinayi pa amsinkhu wanga." Anatsitsa maso ngati wachita manyazi, koma ankafuna timve. Kenako anapumira m'mwamba. "Za Oddvar sindifuna kunena zambiri. Ndi munthu wabwino. Koma anthu akamakula, zatsopano zimawaopsa. Alamu, mwina ichi ndi chizindikiro. Anthu a kampani ya kunja ija akadali ndi chidwi ndi phirili. Mwagwira ntchito mokwanira, bwanji osapuma dzina likadali labwino?"

"Ndidzapuma m'bokosi!"

"Ndimangonena, alamu."

Tili panja Sigrun anayatsa galimoto koma sanaiyendetse. Mvula inkamenya galasi.

"Anthu a pa feri ndawafunsa pa foni," anatero. "A Rustad anawolokadi Lachisanu masana, abwereradi dzulo. Ngati sera analowa mu uvuni Loweruka kapena Lamlungu, Oddvar ndimutenga lero."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

"Ndikudikira kuti musiye kugwedeza mwendo, galimoto yonse ikunjenjemera." Anazimitsa injini. "Kamera ija imaona mitundu?"

* * *

"Imatha," anatero Torunn. "Sitiigwiritsa ntchito choncho. Poyeza safuna mitundu."

"Lero tikuifuna. Ikokereni pafupi, pa kadzenje kamodzi."

Kamera inatsika ikulira ngati udzudzu. Pa kompyuta mwala unakula mpaka kukhala phiri la zigwa ndi maenje. Torunn anadina batani, ndipo imvi zonse zija zinasanduka mitundu. M'dzenje lililonse munali kadziwe kouma, konyezimira.

Kobiriwira.

Sigrun anaseka pang'ono, osati mosangalala. "Itanani Oddvar."

Analowa ndi nsapato zamatope, Torunn n'kutseka maso ngati wamva kupweteka.

"Oddvar, dzulo unapaka sera wanji?"

"Wachikasu! Nanga pa phala lija munthu angapake chiyani?"

"Osati wobiriwira?"

Oddvar anatsegula pakamwa. Ndamuonapo akutukwanidwa ndi oyendetsa sitima a mitundu yonse, koma sindinamuonepo atanyozeka chonchi.

"Wobiriwira? Pa mvula? Sajeni, nditsekereni ngati mukufuna, nenani kuti ndaba, nenani kuti ndapha munthu. Koma musakanene pagulu kuti Oddvar Myklebust anapaka wobiriwira pa chipale chonyowa! Wobiriwira ndi wa chisanu choswa mitengo. Kuno kunyanja ndani amamugula? Chaka chino chonse sikunazizire kofika pamenepo. Ndiponso ndi wouma ngati galasi, simbi yomusitira uyenera kuitentha mpaka itatsala pang'ono kupsereza thabwa, apo ayi sasungunuka."

Torunn anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Sigrun.

"Uvuni." Mawu ake anali aang'ono. "Lachisanu poweruka ndinaupeza wakwezedwa. Kwambiri. Ndinayesa ndaukhudza ndi mkono wa malaya. Ndinaubweza."

"Bwanji simunanene?"

"Sindilakwitsa kawirikawiri. Ndinachita manyazi."

"Lachisanu labu munaisiya yokha nthawi iliyonse?"

"Nthawi ya keke."

Keke ya Lachisanu pa kampani panga ndi lamulo. Chigayo chimazima, mafoni amasiyidwa, aliyense amakhala m'kantini, kuyambira ine mpaka woyendetsa katapila. Sabata imeneyo inali ya maapozi, anaphika mkazi wa Oddvar, ndipo Oddvar yemweyo ndiye ankadula, akudzipatsa chibanthu chachikulu. Verhoef analipo, anadya kawiri. Torunn analipo. Ine ndinkafotokoza za ngamila imene inandithamangitsa ku Muscat.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anasuzumira pakhomo, jekete lili kale m'thupi, n'kunena kuti timusungire yake, akuthamangira feri. Mlamu wanga Halvard.

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinakhala pa mpando.

"Mtundu wa sera si umboni," anatero Sigrun. "Aliyense wopita ku Røros sabata ino anapaka wobiriwira. Akana, ndipo loya wake adzaseka. Ndikufuna wina amene anaona nyenyeswazo zili m'manja mwake."

"Amapakira kunyumba," ndinatero. "M'chipinda chapansi."

* * *

Gunvor anatitsegulira manja ali ufa okhaokha. Tinavula nsapato pakhonde, iye n'kutikhazika pa tebulo la kukhitchini tisananene chimene tabwerera.

"Iwe Arnfinn, waonda. Sigrun, mayi ako ali bwanji ndi chiuno chija? Khalani, khalani, buledi wangotuluka kumene. Halvard wandiimbira, akuti kuntchito kwavuta, wina waika zinthu mu uvuni wa ku labu. Ndi Oddvar eti? Ine sindikhulupirira, munthu uja amalira pa ubatizo wa ana a eni."

"Tikungofunsa aliyense, mayi Rustad," anatero Sigrun akupaka batala. "Amuna anu anakonzekera liti ulendo?"

"Iii, sabata yonse! Munthu ameneyu akamapita ku mpikisano nyumba ino imasanduka chipatala cha matabwa. Kumvera zanyengo m'mawa, kumvera madzulo. Lachinayi anatsikira pansipo atangodya, kusita, kupala, kusita, kupala, fungo nyumba yonse."

"Nyenyeswa zake zimavuta kusesa, eti? Bambo anga ankatidetsera nyumba nazo."

"Usandiyambitse, mwana iwe! Zimamata ku masokosi, zimakwera masitepe, umazipeza mpaka m'bedi. Chikwatirane ndakhala ndikumupempha: Halvard, ukamaliza sesa. Ngati ndikulankhula ndi khoma." Anaseka, akupukuta manja pa epuloni, maso akuwala. "Koma tamverani zodabwitsa. Lachinayi ndikutsika ndi tsache langa monga mwa masiku onse, ndikupeza bambo ali chogwada, akusesa okha! Mpaka m'makona, ndi kaburashi. Anazithira bwinobwino m'kapepala ka buledi, n'kumanga. Ndinati, Ambuye, mwandiyankha ndisanafe! Ndinamupsompsona padazi pomwe."

Ndinabweza buledi m'mbale.

"Zinali za mtundu wanji?" anafunsa Sigrun mofatsa.

"Zobiriwira, ngati udzu wa pa Isitala. Ndinati bweretsa ndikataye, iye amvekere ayi, ndikataya ndekha kuntchito, bini ya kuno yadzadza." Anaima. "Koma bini sinali yodzadza. Otola zinyalala anali atazitenga dzulo lake."

Anayang'ana Sigrun. Anandiyang'ana ine.

"Arnfinn," anatero. "Anaika chiyani mu uvuni muja?"

Panja galimoto inaima. Chitseko chinatseguka, mphepo yonyowa n'kulowa. Tinamva Halvard akuimba kanyimbo pakhonde, kenako anasiya, ataona nsapato za Sajeni pambali pa zanga. Anasuzumira m'khitchini atawerama, dzanja lili pa chingwe cha nsapato.

"Alamu! Sajeni! Mwamugwira?"

Sigrun anaimirira, napukuta batala ku zala.

"Musavule nsapato, a Rustad."

* * *

Sanakane nthawi yaitali. Kapepala ka buledi kanapezeka m'galimoto mwake, pansi pa mpando, tinyenyeswa tobiriwira tili m'makwinya. Munthu amene sanasesepo chibadwire sadziwanso kutaya zinyalala. Kampani ija inali itamulonjeza mpando wa bwana wamkulu phiri likagulitsidwa. Anaganiza zonse: kiyi, keke, feri, ngakhale Oddvar woti asenze mlandu. Koma kuti agule sera wachikasu, wa nyengo ya kuno, n'kumupala pa thabwa lake lokonzekera chisanu cha ku Røros, dzanja lake silikanalola. Anatenga zimene zinagwa pansi.

Verhoef anasankha yekha miyala ina m'sitima, naitsuka yekha, nakhala pafupi ndi uvuni ngati nkhuku pa mazira. M'mawa mwake kamera inayenda pa thireyi, ine ndikuyenda nayo uku ndi uku mpaka Torunn anandiopseza kuti anditulutsa. Manambala atabwera, Mdatchi uja anavula magalasi.

"Yokhakhala," anatero.

"Ngati lilime la mphaka!" anabangula Oddvar ali pakhomo. Anapita pa makina aja n'kuwasisita pamwamba. "Bokosi iwe, khofi uja ndakukhululukira." Ine sanandiyang'ane mpaka nditamupepesa kawiri, mokweza, chigayo chitazimitsidwa kuti anthu onse amve.

Sitima inanyamuka masana itadzaza miyala, itazama mpaka pa mzere wa katundu. Ndinaima pa doko, ndipo Gunvor anabwera kudzaima pambali panga, atavala jekete la mvula la malemu bambo athu. Maso ake anali otupa. Ndinayamba kumuuza kuti maloya ndiwapeza, kuti nyumba ndi yake, kuti ku Chile ndinaonapo nkhani ngati yomweyi.

"Takhala chete kamodzi, iwe," anatero.

Ndinakhala chete. Sitima inaliza lipenga, phiri n'kuyankha.

"Dzulo Halvard anandiimbira ali kupolisi," anatero. "Akuti amachitira ife, akuti gawo lathu likanatipatsa ukalamba wabwino. Ndamuuza kuti gawolo si lathu, ndi langa. Wilibala inali yanga." Anapukuta mphuno. "Phiri siligulitsidwa."

Anayang'ana sitima mpaka inakhota kuseri kwa chilumba.

"Zaka zonsezi ndikumupempha kuti asese," anatero. "Ndipo ndinamupsompsona, Arnfinn. Padazi."